Buku la Sitika Yofiira

Laibulale ya pasukulu pathu, kufupi ndi Nkopola, inali chipinda chimene kale tinkasungiramo makasu ndi matumba a ufa wa phala la ana. Musaganize kuti anandiikamo chifukwa ndinkadziwa za mabuku. Ahedi anangoona kuti mwa aphunzitsi onse ndine ndinali ndi pakamwa poopsa anyamata a Sitandade 8, ndiye tsiku lina anandiponyera makiyi patebulo n'kunena kuti, "Madamu, chipinda chija n'chanu." Maphunziro anga a zamalaibulale anayambira pomwepo n'kutheranso pomwepo.

Mabukuwo tinapatsidwa ndi bungwe lina limene anthu ake akabwera ankagona kumaloji a kunyanja. Kwa miyezi ingapo anali m'makatoni, ena atangomwazikana pamkeka, ndipo mwana ankatola limene maso ake akonda. Dongosolo panalibe, zimenezo ndikuvomera. Koma ana ankawerenga.

Amene ankawerenga kuposa onse anali mtsikana wina wa Sitandade 6, mwana wa msodzi, wovala hijabu yotuwa imene inasuluka ndi dzuwa. Anali ndi chibwibwi choopsa. Kuti atchule dzina lake ankayamba wamenya phazi pansi kawiri katatu, ndipo m'kalasi sindinamuonepo atakweza dzanja. Koma belu la buleki likangolira, anzake akuthamangira phala, iye ankalowa mwakachetechete, kutenga buku lina lalikulu lachichewa long'ambika chikuto, n'kukakhala pansi pa zenera. Mabuku sitinkabwereketsa kunyumba, choncho pamene walekezera ankaikapo kachidutswa ka mlaza. Tsiku lililonse kamlazako kankasendera kutsogolo. Ndinamuonapo akuseka yekha, ndipo tsiku lina ndinamuona akupukuta misozi ndi nsonga ya hijabu. Munthu wongoyang'ana zilembo sachita zimenezo.

Kenako kunabwera mayi wina wochokera ku bungwe lija kuti adzatiphunzitse kusanja mabuku. Anali Mmalawi mnzathu ndithu, koma Chichewa ankachilankhula ngati akuchinyamula ndi zala ziwiri kuopa kuda. Anatsika galimoto ndi laputopu, botolo la madzi ndi mapaketi a masitika amitundu itatu. Anati obiriwira ndi a mabuku a ongoyamba kumene, achikasu ndi a apakati, ofiira ndi a akatswiri. Mwana aliyense adzapatsidwa khadi la mtundu wake, ndipo azitenga buku la mtundu womwewo basi.

"Mwana asamavutike ndi buku loposa msinkhu wake," anatero, ife n'kumagwedeza mitu ngati abuluzi.

Njira yake inali yakuti titsegule buku lililonse, tiwerenge kuchuluka kwa mawu patsamba limodzi, tionenso kutalika kwa ziganizo, kenako tiyang'ane patchati chimene anabwera nacho. Tinayesa mabuku asanu. Lachisanu ndi chimodzi tisanalitsegule, mayi uja anayang'ana wotchi n'kunena kuti akumudikira ku loji, abweranso mawa kudzayesa ana. Galimoto itangopotoloka, ahedi anavula jekete n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tikatsatira zimenezi tichoka pano chaka chamawa. Bweretsani kuno."

Abale inu, zimene ndinaona masana amenewo! Ahedi ankatenga buku, kuliika pachikhatho, kulikweza n'kulitsitsa ngati akugula papaya pamsika, kenako n'kugamula. Lopepuka la zithunzi, lobiriwira. Lolemererako, lachikasu. Lotopetsa dzanja, lofiira. Kabuku kena kachingerezi kofotokoza kakonzedwe ka injini ya thirakitala kanalandira sitika yobiriwira chifukwa kanali kopyapyala ndiponso kodzaza zithunzi. Buku lina la ana a mkaka, la masamba olimba ngati katoni, linapita kwa akatswiri chifukwa linkalemera. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anawerenga tsamba. Ine ndinkaseka chamumtima, kuwaona ahedi ngati chitsiru chovala tayi, koma chala chimene chinkakanikiza masitikawo chinali changa. Buku la mtsikana uja litafika, ahedi sanachedwe nalo n'komwe. Anati lofiira, ine ndinamata, ndipo linakwera pashelefu ya pamwamba kamlaza kake kali momwemo.

M'mawa mwake mayi uja anabweradi kudzayesa ana. Mayeso ake anali akuti mwana aime kutsogolo, awerenge mokweza ndime imene wapatsidwa, iye akuyang'ana wotchi ya pafoni. Mphindi imodzi ikatha, aone kuti mwanayo wafika pati. Anyamata ena amene ankathamangitsa mawu ngati mbuzi, osamva ngakhale chimodzi cha zimene akunena, analandira makhadi ofiira n'kumatuluka akudzigunda pachifuwa.

Itafika nthawi ya mtsikana uja, anagwira pepala ndi manja awiri. Maso ake ndinawaona akutsetsereka mpaka pansi pa ndimeyo, anali atamaliza kale. Koma pakamwa panakakamira pa liwu loyamba. Anamenya phazi pansi, milomo ikunjenjemera, ana ena pazenera akuseka. Foni italira anali atatulutsa mawu osakwana khumi. Mayi uja analemba kena kake n'kutenga khadi lobiriwira.

Ndinati, "Pepani mayi, mwanayu amawerenga kuposa onsewa. Vuto lake ndi chibwibwi chabe."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Madamu, njira imeneyi ndi yoyesedwa kale ndi akatswiri. Tikayamba kukondera ana, deta yathu iwonongeka."

Deta! Mwana waima apo thukuta lili kamukamu, wina akudandaula deta, manambala a m'laputopu yake. Ndinafuna kumufunsa ngati akatswiri akewo anayamba aonapo munthu wachibwibwi, koma ahedi anandiponda ndi diso. Bungwelo linali litalonjeza kutimangira chipinda china, ndipo aliyense pasukulupo ankayenda monyang'ama kuopa kulikhumudwitsa. Ine wa pakamwa poopsa uja ndinatseka pakamwa panga.

Tsiku lachitatu linali lojambula zithunzi. Mashelefu anali atasanjidwa bwino, obiriwira pansi, achikasu pakati, ofiira pamwamba, ndipo kunena zoona zinkaoneka zokongola ngati sitolo ya nsalu. Belu la buleki litalira, mtsikana uja analowa monga mwa masiku onse. Anafunafuna m'mashelefu, n'kuliona buku lake pamwamba, n'kukwera pabenchi kulitsitsa. Anali atatsegula kale pa kamlaza pamene ahedi anatsokomola. Mayi uja anatsitsa foni imene ankajambulira n'kundiyang'ana.

Ndinapita ndekha, palibe anandikankha. Ndinamulanda bukulo m'manja n'kunena kuti, "Iwe khadi lako ndi lobiriwira. Katenge la pansi apo." Ndinamusankhira ndine, kabuku ka bakha, ka mawu atatu patsamba. Anandiyang'ana, anatsegula pakamwa, phazi linayamba kumenya pansi. Ankafuna kundiuza kanthu. Sindinadikire kuti liwulo lituluke, ndinatembenuka n'kukabweza buku lake pamwamba. Anakhala pansi pa zenera atagwira kabuku ka bakha, ndipo mayi uja anagwada n'kumujambula. Anati chithunzicho chatuluka bwino kwambiri.

Mumtima ndinkati alendo akangopita ndimubwezera. Koma alendo atapita ahedi anayamba kumalowa m'laibulale nthawi ya buleki, manja kumbuyo, kuona ngati khadi la mwana likufanana ndi sitika ya buku. Munthu amene mayi uja asanabwere sankapondamo n'komwe, tsopano anasanduka wapolisi wa mitundu. Ine ndinkangoti mawa, mawa. Mtsikana uja anabwera masiku awiri, kukhala ndi bakha wake pamiyendo maso ali kushelefu ya pamwamba. Anyamata a makhadi ofiira anayamba kumuitana kuti Bakha, akumalira ngati bakha akamadutsa. Tsiku lachitatu sanabwere, ndipo sanadzalowemonso.

Teremu yotsatira dzina lake linkangoitanidwa popanda woyankha. Anzake anati anapita ku Chembe kwa azakhali ake kukathandiza kuyanika usipa. Sindinganame kuti sitika ndiyo inamuchotsa sukulu. Atsikana kwathu kuno amasiya sukulu pa zifukwa zambiri, ndipo kwawo ankamufuna kale kuntchito. Koma ndikudziwa chimene chinkamudzutsa m'mawa kubwera kumalo kumene aliyense ankamuseka akatsegula pakamwa, ndipo chimenecho ndinachiika ndekha pamwamba pa shelefu.

Tsono imvani mmene dongosolo la akatswiri linathera. Amene anapanga masitikawo sankadziwa kutentha kwa Mangochi. Mwezi wa Okutobala utafika, malata akuotcha ngati chiwaya, guluu anasungunuka. Ndinkati ndikatsegula chitseko m'mawa, pansi pali mbwee timapepala tobiriwira, tachikasu ndi tofiira. Ndinkasesa n'kumatisunga m'chitini. Titamva kuti a bungwe akubweranso, ahedi analamula kuti tiphike phala la ufa wa chinangwa timatire masitikawo. Nditafunsa kuti tidziwa bwanji sitika ya buku lililonse, anati, "Madamu, musatichedwetse. Ingomatani, bola mitundu ioneke." Tinamata chimatemate. Mayi uja anabwera, anayendera mashelefu, n'kutiyamikira kuti sukulu yathu ndi chitsanzo m'dera lonse. Patangopita milungu iwiri mphemvu zinanunkhiza chinangwa chija n'kudya masitika pamodzi ndi misana ya mabuku. Chipinda chimene anatilonjeza mpaka lero sitinachione.

Pa tsiku lomata chimatemate lija, buku la mtsikana uja ndinalimata sitika yobiriwira n'kuliika pashelefu ya pansi penipeni. Ndinadziona ngati wolimba mtima kwambiri. Zaziii! Mwini wake anali atapita kalekale, ndipo kamlaza kanali pomwe anakasiya, patatsala masamba ochepa kuti amalize.

Patapita zaka ndinapita ku Chembe ku ukwati wa mwana wa mchimwene wanga. Masana ndikudutsa pakati pa mathandala oyanikapo usipa, ndinamva phazi likumenya mchenga kumbuyo kwanga, kenako liwu: "Ma-ma-madamu." Anali iyeyo, wamkulu tsopano, mwana kumsana, manja ali mamba okhaokha. Anapinda maondo n'kundipatsa moni mwaulemu wonse, ngati ndine munthu amene ndinamuchitirapo zabwino. Tinafunsana za kunyumba. Kenako ananena kuti ali ndi funso limene wakhala nalo nthawi yaitali. Ulendo uno ndinadikira mpaka mawu onse atatuluka, ngakhale anatenga nthawi.

Ankafunsa za buku lija. Anati munali munthu wina amene anayenda ulendo wautali kufunafuna mchemwali wake amene anasowa ali mwana, ndipo iye analekezera pamene munthuyo anafika pakhomo la nyumba ina n'kugogoda. "Ndiye a-a-anamupeza?"

Manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Zaka zonsezo ndinkanyoza ahedi poyeza mabuku ndi chikhatho, ndinkanyoza mayi wa deta, ndinkawauza anzanga nkhaniyi tikumaseka. Bukulo ndinali nalo m'chipinda changa, makiyi ali m'chikwama changa. Ndikanatha kumunamiza kuti anamupeza, koma bodza linakana kutuluka.

Ndinati, "Mwanawe, sindinaliwerenge."

Anagwedeza mwana kumsana. Sanakwiye. Anafunsa ngati mmene mwana wasukulu amafunsira chinthu chimene sanamvetse m'kalasi.

"Nanga mu-mu-munadziwa bwanji kuti n'lofiira?"

Iye anadikira, monga mmene ine ndinalepherera kumudikira tsiku lija. Ataona kuti palibe chikutuluka, anatapa usipa wouma pathandala, kuukulunga m'pepala, n'kundipatsa ndi manja awiri kuti ndikadyere kunyumba.