Harimoti Pal ndi maso a Mayi Durga

Harimoti Pal anabadwira m'banja la oumba, m'mudzi mwathu, m'mbali mwa mtsinje wa Jalangi ku Bengal. Chaka chilichonse, pokonzekera chikondwerero, bambo ake ankaumba chifaniziro cha Mayi Durga, mulungu wamkazi wa manja khumi, atakwera mkango, akulasa chiwanda cha njati chimene wachiponda ndi phazi. Maso ankajambulidwa pomaliza, pa tsiku lake loikika, ndipo popanda maso Mayi sapembedzedwa. Ntchito imeneyo inali ya amuna okha. Harimoti anailakalaka kuyambira ali wamng'ono, koma anamupatsa youmba chiwandacho.

Anakwatiwa ali mtsikana, koma patangotha zaka zitatu mwamuna wake anamwalira ndi kolera. Anabwerera kwawo atavala nsalu yoyera ya umasiye, ndipo monga mwa mwambo wa amasiye, nsomba sanailawenso mpaka imfa. Bambo atamwalira, mchimwene wake Nibaron ndiye anayamba kujambula maso. Harimoti anakhala zaka makumi anayi chogwada pansi, akumanga mapesi a mpunga ndi kumata dongo, mpaka mawondo anachita zikang'a. Mtima unkamuwawa ndithu, koma sanadandaule kwa munthu.

Amayi anzake popita kumtsinje ankamuseka kuti anakwatiwa ndi chiwandacho. "Iwe Harimoti, mwamuna wako wanyangayu wanenepatu chaka chino! Ukumudyetsa chiyani?"

"Musiyeni," ankayankha osatukula mutu. "Ali pafupi ndi phazi la Mayi kuposa tonsefe."

Chaka chimene tonse timakumbukira, Nibaron anafa dzanja lamanja kutatsala masiku awiri kuti maso ajambulidwe. Oumba a m'midzi yoyandikana anali otanganidwa ndi zifaniziro zawo. Nibaron anatchula mlongo wake kuti ndiye ajambule, ndipo wansembe, bambo Chakraborty, anagwira pakamwa.

"Wamasiye atsegule maso a Mayi? Chibadwire sindinazionepo zimenezo."

"Ndiye tsegulani nokha, bambo," anatero Nibaron. "Burashi nayi."

Wansembeyo anaiyang'ana burashiyo osaigwira. "Chabwino, ayese. Koma akalakwitsa, chifanizirochi sichilowa m'kachisi, ndipo mudzi uno ukhala wopanda chikondwerero."

M'mawa wa tsikulo Harimoti anasamba mumtsinje, osalawa kanthu, nakwera makwerero kuseri kwa nsalu yotchinga. Anthu anadikira pabwalo mpaka dzuwa linafika paliwombo.

Harimoti atachotsa nsaluyo, panamveka kung'ung'udza. Maso anali aukali ndi okongola, koma sankayang'ana kutsogolo kwa anthu monga mwa masiku onse. Ankayang'ana pansi, pamene pagona chiwanda.

"Taonani! Mayi sakutiona!" anakuwa mkulu wina. "Watiwonongera chaka mayi ameneyu."

Harimoti anaima chilili, utoto uli m'zala, manyazi atamugwira. "Ndikhululukireni," anatero motsitsa mawu. "Zaka zonsezi ndinkagwira ntchito pansipo, ndipo ndinkayesa kuti Mayi amayang'ana kumeneko."

Wansembe anabwera nkhope ili gwa kuti adzaonetsetse yekha. Koma munthu safika pamaso pa Mayi ali choimirira, ngakhale atakwiya chotani. Anagwada, nagunditsa chipumi pansi, ndipo potukula mutu anakumana ndi maso aja akumuyang'ana iyeyo. Anakhala pomwepo nthawi yaitali. Atadzuka anapukuta misozi ndi nsalu yake, nati kwa oimba ng'oma, "Mukudikira chiyani? Imbani."

Harimoti sanajambulenso maso kachiwiri. Nyengo yozizira ya chaka chomwecho anayamba kufooka, ndipo masana ena anamupeza atatsamira mzati wa nyumba youmbiramo, manja ali pamiyendo, atapita mwakachetechete. Wansembe yemwe uja ndiye anatsogolera maliro ake mpaka kumtsinje.

Ana a Nibaron akuumbabe mpaka lero, ndipo maso amawajambula mmene anachitira azakhali awo. M'mudzi mwathu, amene akufuna kuti Mayi amuone amayamba wagwada.