Gelajo, Mwana Wosatchulidwa Dzina

Gelajo ndi mwana wachisamba wa mchimwene wanga Ifra, telala amene ankasokera pansi pa mtengo wa nimu m'mudzi mwathu, m'mphepete mwa mtsinje wa Senegal. Ine Penda ndine azakhali ake, ndiye za iye musandiuze, ndinamubereka kumsana ine. Lero ndi bambo wandevu, amayendetsa minibasi ku Matam. Koma ine ndikamuona ndimakumbukira chaka chimene anakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, chaka chimene anatizunguza mitu tonse.

Kwathu kuno ife Afulani, kholo silitchula dzina la mwana wake woyamba. Ndi manyazi. Silimuyamikira pagulu, silicheza naye, likafuna kumuuza kanthu limadzera mwa wina. Ifra ankangoti "ujeni" kapena "mnyamata wa m'nyumbamo". Bambo athu ankateronso kwa Ifra yemweyo, ndipo palibe anafa nazo.

Ali wamng'ono Gelajo sankalabadira. Zinayamba atapita kusekondale ku Matam, kumene ankakhala kwa mphunzitsi wina wa mtundu wa Awolofu. Kumeneko anaona zachilendo: bambo akuitana mwana wake woyamba ndi dzina, mokweza, kumugwira paphewa, kuseka naye akudya mbale imodzi. Atabwera patchuthi sanali Gelajo yemwe uja. Miyendo itatalika ngati ya kakowa, mawu akusweka pakhosi, ziphuphu kumaso mbwee. Kukhala pansi ayi. Alowe m'nyumba, atuluke, apite kudooko, abwerere, amenye ndowa ndi phazi, akalipire mbuzi yosalakwa. Pakudya angotapa kawiri n'kudzuka. Mayi ake, Kajata, anati mwina ndi za atsikana, ine ndinati ndi njoka za m'mimba. Tonse tinaphonya.

Tsiku lina ndikusinja mchewere, anandifunsa ngati bambo ake amalidziwa n'komwe dzina lake. Ndinaseka mpaka kutsamira munsi. Ndinamuuza kuti asadzipusitse, mwambowo akuudziwa bwino.

"Kuudziwa ndikuudziwa, azakhali," anatero. "Koma ukundiwawa."

Ndinamuthamangitsa kuti akatunge madzi. Mpaka lero ndimadziimba mlandu pa chimenecho.

Ndiye anayamba kuputa dala, kuti mwina bambo ake akapsa mtima dzina lingawapulumuke pakamwa. Anabisa sizasi. Anathira mchenga m'mafuta a makina. Anafupikitsa mwendo umodzi wa thalauza la mkwati kutatsala masiku awiri ukwati. Ifra ankangoweramira makina ake n'kunditumiza ine kuti ndikalankhule ndi "mwana wanuyo". Ndinasanduka mthenga wa anthu awiri ogona nyumba imodzi, ndipo zinanditopetsa zedi.

Zinafika poipa Lachisanu lina anthu atachoka kumzikiti. Akuluakulu asanu anali pamkeka pansi pa nimu paja, akumwa tiyi ndi Ifra. Gelajo anafika n'kuima pakati pawo, nsapato osavula, moni osapereka.

"Baba, dzina langa ndine ndani?"

Mkulu wina anatsamwa tiyi. Ifra anayang'ana zala zake kwa kanthawi, kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ine ndinasowa pobisa nkhope. Ndinamukokera mwanayo kuseri ndi khutu, n'kumuuza kuti wawavula bambo ake pagulu. Iye anandiyankha kuti ngati pakhomo pano alibe dzina, akalifuna kutsidya ku Mauritania, kwa amalume ake, ndipo sadzabweranso. Ndinayesa ndi matama a ana.

M'mawa mwake asodzi anakana kumuolotsa, poti nkhani inali itamveka mudzi wonse. Mwanayo sanataye nthawi. Anamanga zovala zake pamutu n'kulowa m'madzi. Inali nyengo ya mvula, mtsinje utadzaza, wofiira, ukukokolola ndi mitengo yomwe. Amayi amene ankachapa anakuwa, anthu onse n'kuthamangira kudooko. Aliyense ankaitana Gelajo kuti abwerere, ana ndi akulu omwe, koma iye osacheuka.

Ifra anafika tepi yoyezera ili m'khosi. Dziwani kuti ife a singano madzi sitiwadziwa, mtsinje ndi wa asodzi. Chibadwire mchimwene wanga anali asanalowepo kupitirira m'maondo. Ndinamugwira mkono n'kumukalipira kuti atchule dzinalo, kamodzi kokha, mwambo sumuluma. Anatsegula pakamwa, koma dzina linakana kutuluka. M'malo mwake anandikankha n'kulowa mumtsinje ndi mkanjo wake womwe.

"Iwe! Iwe!" anakuwa Ifra.

Madzi m'chiuno, madzi pachifuwa, madzi m'khosi, munthu akungopitabe. Kenako tinangoona chipewa chikuyandama.

Gelajo anacheuka. Anataya mtolo wake n'kusambira mobwerera, ndipo anawagwira bambo ake pakolala asodzi awiri asanafike ndi bwato. Pamchenga Ifra anasanza madzi ofiira, mwana atamugwirizira mutu, onse akunjenjemera, osayang'anana. Ine ndinawatukwana onse awiri kuti ndi mbuzi za anthu, misozi ili chuchuchu, chifukwa mantha anali atandithera mphamvu.

Musaganize kuti anasanduka mwana wofatsa tsiku lomwelo, ayi. Anavutabe zaka ziwiri, anamenyana ndi anzake, sukulu anaisiyira panjira. Koma za kutsidya sanazitchulenso, ndipo masana ena tinkamupeza atakhala pafupi ndi makina, akusokerera mabatani mwakachetechete. Ifra anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, dzina lija asanalitchulepo.

Chaka chatha ndinakwera minibasi ya Gelajo popita kuchipatala ndi bondo langali. Anandikhazika kutsogolo. Pakamwa panga mukupadziwa, ndinamufunsa ngati nkhani ija imamuwawabe. Anati inde imamuwawa, ndipo sakuona kuti idzasiya. Anayendetsa kamtunda ndithu.

"Koma azakhali," anatero, maso ali pamsewu, "tsiku lija mudzi wonse unkaitana dzina langa, ine sindinamve kanthu. Ndinamva munthu mmodzi yekha, amene sanalitchule."