Jasi Limene Linachotsetsa Ednah Ntchito

Inu amene munalakwitsa kamodzi koma anthu akukumbukirabe mpaka lero, imvani za Ednah.

Tsiku lina la mu Juni, Ednah anatuluka pageti ya nyumba ina ku Silverest, kufupi ndi Lusaka, atanyamula kachikwama kudzanja ili, jasi kudzanja linalo. Ntchito inali itamuthera. Anagwira panyumbapo zaka zitatu osaswa ngakhale kapu, koma jasi limodzi linafafaniza zonsezo.

Jasilo linali la abwana ake, Mayi Clarissa, omwe ankagwira ntchito m'boma ku Lusaka. Linali laubweya, lofiirira, mphatso yomwe amuna awo, Bambo Davies, anawabweretsera pochokera kumaphunziro kunja. Ednah ataona litsiro m'khosi mwake anafuna kuwasangalatsa. Anawiritsa madzi, n'kulichapa ndi mphamvu ngati ovolosi ya makanika, n'kulifinya, n'kuliyanika padzuwa. Kansalu kolembedwa ka m'khosi sanakawerenge, ndiponso sanafunse munthu. Paja safunsa anadya phula.

Litauma, jasilo linali losakwana munthu wamkulu. Likanamukwana mwana wa giredi faifi.

"Ednah, wachita chani jasi yanga?" anatero Mayi Clarissa misozi ili mbwembwembwe.

"Ninawasha chabe, ba madamu. Nenzofuna mukondwele."

"Itenge, uyende nayo. Sinifuna kukuonanso."

Nkhani yoipa ilibe miyendo koma imakwera minibasi. Pasanathe sabata, Silverest yense anali atamva. Geti iliyonse yomwe Ednah ankagogoda, yankho linali lomwelo: "Ndiwe uja wa jasi? Awe, tili naye kale munthu." Zinamupweteka kwambiri, chifukwa manja ake ndiwo anali chuma chake chokha, ndipo tsopano panalibe wowakhulupirira.

Anabwerera kwa azakhali ake ku Chalimbana. Moyandikana nawo munkakhala Bambo Yoramu, mkulu wina yemwe anakalambira pantchito yochapa masuti m'tauni. Ataona kajasi kaja pachingwe anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, iyi sunawashe, unaphika!"

Ednah anafuna kukwiya, koma anameza mate. "Niphunziseni, ba tate."

Mkuluyo manja ankanjenjemera, koma pakamwa panali pakuthwa. Anamuphunzitsa kuti ubweya umadana ndi madzi otentha. Uyambe wapisa m'matumba. Uchotse fumbi ndi bulashi, motsika, osati mokweza. Pomwe pali banga upukute pomwepo pokha. Ngati n'kofunika kuviika, madzi akhale ozizira, ndipo osafinya: ulikulunge m'thaulo, uliyale pamthunzi. Posita uike kansalu konyowa pakati, simbi isakhudze jasi.

Ednah ankapita kwa ogulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa Chongwe kukapempha majasi omwe anakanika kugulidwa, othimbirira ndi onunkha m'belo. Loyamba analiwotcha ndi simbi. Lachiwiri linatuluka phewa limodzi lili m'mwamba ngati munthu wokana mlandu. Bambo Yoramu ankangoti, "Bwezanso." Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Ednah anadekha chaka chathunthu.

Kenaka majasi okanidwa aja anayamba kugulidwa. Aphunzitsi a ku Chalimbana anayamba kumubweretsera awo, ngakhalenso a njinga za mkaka ochokera ku Palabana, omwe chisanu cha m'mamawa chimawalowa m'mafupa. Anapeza kachipinda m'mbali mwa msewu. Pakhoma, pamalo poti aliyense aone, anapachika kajasi kofiirira kaja. Wofunsa ankamuuza zoona: "Niine ninaononga. Ndiye tichala wanga uyo."

Koma mumtima munali kanthu kosapola. Ku Silverest sikunabwere jasi ngakhale limodzi.

Patatha zaka zinayi, mu Meyi, galimoto inaima pakhomo. Anatsika Mayi Clarissa, ataonda, atafukata thumba lapulasitiki. Maso awo anagwera pakhoma paja.

"Ba Davies anatisiya chaka chatha," anatero mayiwo. "Iyi ni jasi yawo. Ninaimanga mu pulasitiki kuti isalowe fumbi. Manje ona."

Ednah anamasula thumbalo. Jasi lakuda linali litatuwa ndi nkhungu, chifukwa linatsekeredwa dzinja lonse lopanda mpweya. Anamvetsa msanga. Naonso mayiwa analakwitsa chifukwa cha chikondi, monga iye.

"Onse aniuza ati niyende kwa Ednah. Nenze na nsoni. Mwana wanga Nathan atenga digiri mu Julayi, afuna kuvala jasi ya atate ake. Ingapone?"

Ednah analiyang'ananso jasilo. Likanaonongeka ili, panalibe sitolo yogulako lina.

"Nipaseni masiku asanu, ba madamu."

Anayamba ndi m'matumba, ndipo anapezamo kachipeso kakang'ono kothyoka mano awiri. Anakaika padera. Jasilo analipachika pamthunzi podutsa mphepo, n'kulipukuta ndi bulashi. Mabanga anawatsata limodzilimodzi ndi kansalu koviika m'madzi ozizira othira viniga pang'ono. Sanathamange. Tsiku lachisanu analisita, n'kulivindikira ndi nsalu yoyera ya thonje.

Mayi Clarissa atabwera anasisita jasilo kuyambira m'khosi mpaka pansi osapeza banga. Ednah anawaika kachipeso kaja m'manja. Apo mayiwo analira, kulira kwenikweni, nayenso Ednah analira.

"Ninakuthamangisa monga galu, iwe mwana."

"Munanituma kusukulu, ba madamu. Koma pulasitiki musayesenso."

Anaseka onse awiri misozi isanaume. Mu Julayi, Nathan anajambulitsa atavala jasi la bambo ake, ndipo chithunzicho lero chili pakhoma la Ednah, pambali pa kajasi kofiirira. Ndi Mayi Clarissa amene anachipachika ndi manja awo.

Tsono inu amene mwabisa cholakwa chanu pansi pa bedi, chitulutseni, muchiyang'ane, mufunse odziwa. Manja omwe anaononga dzulo ndi omwewo angakonze mawa. Musataye mtima.