Utsi wa Redson kumayadi

Inu amene mumaona ngati luso lanu ndi lachimidzimidzi, imvani za Redson wa ku Chulu.

M'chaka cha 1975 Redson anachoka kuchikamwini ndi khasu ndi bulangeti basi. Mayeso a Sitandade 8 anali atamukana katatu, ndipo munda umene ankalima unali utalowa mu esiteti ya fodya. Amalume a mkazi wake sanapsatire mawu.

"Bambo, Dorika ndi khandali atsala konkuno. Mukadzapeza denga lanu, mudzawatenge."

Zinamuwawa zedi. Chimene ankachidziwa bwino chinali chimodzi, nazale ya fodya, ndipo anzake ankamuseka kuti munthu wamkulu angamanyadire bwanji kuthirira timbande.

Anapisa khadi la chipani m'thumba n'kukwera basi ya ku Lilongwe. Atagogoda geti ndi geti kwa milungu itatu, analembedwa ntchito yosamala maluwa kumayadi ena a m'mbali mwa damu. Kumeneko nyumba zonse zinkayang'ana kumadzi, ndipo agalu ankadya bwino kuposa iye.

"Anyamata atatu alephera pano, maluwa amangofota," anatero Mayi Perpetua, eni nyumbayo. "Ukawadzutsa, kanyumba ka kuseriko n'kako."

Kanyumba kamalata, abale! Redson anathirira, anaika manyowa, koma maluwa ankangonyala. Tsiku lina anazula limodzi n'kuona mizu yake itatupa timfundotimfundo.

"Iii, si matenda a kwathu awa?" anadzifunsa. Ku Chulu aliyense amadziwa kuti asanafese fodya, dothi la nazale amaliwotcha kuti tizilombo tife.

Ndiye mkulu uja anatuta mapesi kumidzi ya kutsidya kwa damu, n'kuwaunjika pamabedi onse a maluwa mpaka m'chiuno. Loweruka masana, mayi aja atapita kutauni, anakhwatcha machesi.

Utsi tolotolo! Zovala zoyera pazingwe zinada bii. Mabwana amene ankamwa tiyi pamakonde poyang'ana madzi anathawira m'nyumba akutsokomola, ndipo wina anaimbira foni ozimitsa moto. Mayi Perpetua anapeza chigalimoto chofiira chitaima pageti pawo.

"Wapenga kodi iwe? Kuno si kumunda kwanu! Longedza uzipita."

Redson anagwada, koma sanapepese.

"Mayi, kusukulu ndinalepheradi, koma dothi ndimalidziwa. Mundipatse milungu isanu ndi umodzi. Maluwa akapanda kumera, ndichoka ndekha."

Mayiwo anayang'ana phulusa lija. Poti panalibenso choti n'kuwonongeka, analola.

Anafesa maluwa monga amafesera fodya. Njere anazisakaniza ndi madzi m'keni yothirira, mabedi anawaphimba ndi udzu wosalala, ndipo ankatunga madzi kudamu katatu pa tsiku mpaka mapewa kusupuka. Antchito a m'nyumba zoyandikana ankasuzumira pampanda n'kumakuwa dzina lomuseka nalo kuti, "Awotche, zikumera?" Iye ankangochepetsa udzu pang'onopang'ono kuti mbande zizolowere dzuwa.

Sabata yachisanu mabedi anali biriwiri. Atawokera mbande zija, palibe ndi imodzi yomwe imene inafota. Mayi Perpetua anamupatsa kiyi wa kanyumba kaja ndi manja awiri, ndipo tsiku lomwelo Redson analemba kalata ya ku Chulu.

Mukudziwa amene anayamba kubwera kudzapempha mbande? Bwana yemwe uja anaitana ozimitsa moto! Mwezi usanathe, mayadi asanu ndi awiri anali atafuka utsi, ndipo panalibenso woimba foni.

Dorika anatsika basi mwana ali kumsana, amalume ake akumuperekeza. Redson sanathamangire nawo kunyumba ayi. Anawayendetsa dala msewu wonse wa m'mbali mwa damu, alonda akumupatsa moni wa ulemu, iye akuloza uku ndi uku.

"Maluwa awa ndinafesa ndine. Awo ndi angansotu."

Amalume aja anavula chipewa n'kuyenda nacho m'manja mpaka kufika. Dorika anagwira chitseko cha kanyumba kaja, anayang'ana malata, misozi ili mbwembwembwe.

"Abambo ake a mwana, ndiike pati katunduyu?"

"Paliponse, amayi. Muno ndi mwanu."

Inu amene mukusekedwa lero chifukwa cha kaluso kamene munakaphunzira kumunda, musakachite manyazi, ngakhale mutafika pakati pa mabwana. Kagwiritseni ndi manja awiri. Osataya mtima!