Chigubu cha pa dzenje la njerwa

Alamu anga ndi atelala, koma makina awo sasoka mzere wonse osaima. Amasokera pakhonde, ndipo khondelo linayang'anizana ndi dzenje limene oumba njerwa analisiya osakwirira. Mvula ikagwa limadzaza mpaka m'milomo, madzi ofiira osaoneka pansi, m'mbali moterera ngati sopo. Ana ochokera kusukulu amadutsa pomwepo.

Ndiye phazi likangopalasa makina pang'ono, khosi latukuka kale. Aimirira, akhala, aimiriranso.

"Mayi, anakulembani ndani ntchito yolondera dzenje?" amatero achimwene anga, amuna awo. "Yunifolomu yake mudzasoka liti?"

Alamuwo palibe anawatuma, ndipo sindinamvepo wina akuwathokoza. Iwo eni kusambira sadziwa. Chimene ankachita, Loweruka ankasonkhanitsa ana pabwalo pouma, n'kulemba mzere pansi kuti apa ndiye pamadzi.

"Mnzako wagwa. Utani?"

"Ndilumphiramo!"

"Ulumphiramo kuti tilire maliro awiri? Kuwa kaye! Ponya chigubu, gona chafufumimba, koka chingwe."

Chigubucho chinali chachikasu, chopanda kanthu. Anachimangirira chingwe chimene analuka ndi zidutswa za nsalu, n'kuchikoleka pamtengo wa pambali pa dzenje. Koma kwathu chigubu sichikhala chabe. Madzi akasiya kutuluka pampopi, Amake mapasa, a nyumba yoyandikana nafe, ankachimasula kukatungira. Pobweza, chitsekero palibe. Chigubu chosatseka chimamwa madzi n'kumira, choncho alamu ankayenda khomo ndi khomo kufunsa, mpaka ana anawapatsa dzina loti Achitsekero.

Atatopa, anawotcha mpeni pambaula n'kusungunula chitsekerocho kuti chimatirire pakamwa pa chigubu, chisadzatsekukenso.

"Asisi, nkhanza zanji zimenezi?" anakalipa Amake mapasa. "Chigubu chabwinobwino kuchipha dala! Mukanangonena kuti simufuna kubwereka."

Moni anathera pomwepo.

Tsiku limene zinachitika ndinalipo. Alamu anali atagwada, mapini kukamwa, akupinda diresi la kasitomala amene anali atadandaula kale kuti zake zimachedwa. Kamodzi kokha kameneka ndi pamene anafulatira dzenje. Patapata ya mmodzi wa mapasa aja inagwera m'madzi, mwana n'kuitsatira.

Tinangomva mfuu. Alamu analavula mapini n'kuliyatsa liwiro osavala nsapato, ine pambuyo. Mwanayo ankati akatulukira, n'kumiranso. M'bale wake anali ataponya kale phazi kuti alumphe, koma anzake anamugwira malaya. "Gona! Gona pansi!" Mtsikana wina anaponya chigubu, chinagwera kutali. Anachikoka n'kuponyanso. Timafika ana atagona chafufumimba m'matope, akukoka chingwe cha zidutswa chija, mnzawo atakumbatira chigubu, akutsokomola madzi ofiira.

Azibambo a m'deralo anabwera zonse zitatha. Anazungulira dzenje, manja kumbuyo, n'kugwirizana kuti likwiriridwe. Mpaka lero likuwadikira. Kasitomala uja anapinda diresi lake kupita nalo kwa telala wina. Alamu anachapa chingwe n'kuchiyanika, kenaka n'kuchianulanso chisanaume, poti pamtengo panali popanda kanthu.

Kutacha, Amake mapasa anaima pakhonde atanyamula chigubu chawo chatsopano, chimene sankabwereka munthu aliyense. Maso anali pansi.

"Asisi, mbaula mwayatsa?"

"Yayaka."

"Chiwotcheni ichinso. Tsidya linalo la dzenje kulibe."

Alamu anachilandira, n'kuchitembenuza uku ndi uku kuona ngati sichinabooke. Khosi linali litatukuka kale, poti ana anali atayamba kudutsa.

"Chingwe mukaluke nokha," anatero. "Zidutswa zili m'thumbamo."