Mbale ya Kuseri kwa Mabenchi

Ndikukumbukira masiku amene ine ndi amayi tinkagona pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Tsoka. Bambo anali atamwalira, abale awo atatilanda nyumba, ndipo amayi ankakana kubwerera kumudzi chimanjamanja.

Loweruka lililonse masana kunkabwera achinyamata a tchalitchi china cha ku Area 15, atanyamula mpunga ndi nyemba m'zidebe, nthawi zina sopo ndi mabulangete. Lamulo lawo linali lakuti aliyense adyere pomwepo n'kubweza mbale, chifukwa mwana akachoka nacho chakudya, anyamata akuluakulu ankamulanda. Linali lamulo labwino ndithu, koma ife linatipweteka.

Amayi sankaima pamzere. Akangoona galimoto ya achinyamatawo, ankazembera kuseri kwa mabenchi a kaunjika n'kukhala moyang'ana mtsinje. Pakati pa ogawa chakudyawo panali Tawonga, mwana wa banja lina la kumpoto kumene amayi anagwirako ntchito ya m'nyumba ine ndisanabadwe. Anamubereka kumsana iwowo. Ankati bola kugona ndi njala kusiyana n'kuti mwana amene ankamusintha matewera awaone atada ndi fumbi la makala.

Choncho ndinkadya ndekha pakati pa chikhamu. Sindinasungulumwepo ngati mmene ndinkasungulumwira pamzere umene uja. Kenako ndinatulukira nzeru yogwetsera chakudya m'kajumbo kamene ndinkabisa m'diresi kuti ndikawapatse amayi. Nyemba zinkandiwotcha pamimba, koma ndinkangolimba mtima. Ndinkadziona wochenjera kwambiri, osadziwa kuti kajumboko kanali kobooka ndipo msuzi unkasiya mzere kumbuyo kwanga.

Tsiku lina Tawonga anautsatira mzerewo mpaka kuseri kwa mabenchi. Anaima kaye, kenako anagwada m'fumbi ndi siketi yake yoyera.

"Anaphiri, ndinu kodi?"

Amayi sanacheuke. "Mwandifanizira ndi wina, mayi."

Tawonga anayang'ana amayi, kenako anayang'ana ine. Ndinkaganiza kuti alimbikira, mwina atikweza galimoto, mwina andikalipira chifukwa cha kajumbo. Iye anangopepesa, n'kusasa fumbi m'maondo, n'kubwerera kwa anzake. Madzulo amenewo amayi sanakhudze mpunga uja.

Loweruka lotsatira tinapeza mbale yovundikira ndi inzake ili pamwala, pamene amayi ankakhala paja. Tawonga ankaisiya n'kudutsa ngati akupita kukafunsa mtengo wa malaya, osayang'ana kumene tinali. Amayi ankadya atafulatira msika, n'kutsuka mbalezo mpaka mbee, ine n'kukabweza. Awiriwo sanalankhulanenso. Zinapitirira choncho mpaka amayi anapeza ganyu yotsuka mbale m'lesitilanti, tinapeza kachipinda ku Mchesi, ndipo Tawonga sindinamuonenso. Amayi anamwalira osatchulapo dzina lake, ngakhale kamodzi.

Masiku ano achinyamata akubwerabe ku Tsoka, ochuluka kuposa kale, atavala malaya ofanana. Sindiwanyoza, chifukwa njala idakalipo ndipo mpunga wawo ndi wotentha. Koma mbale isanafike m'manja mwa munthu, mafoni amakhala atakwezedwa kale kuti amujambule. Ine ndikamadutsa sindiyang'ana pamzere. Ndimasuzumira kuseri kwa mabenchi, ndipo kawirikawiri pamakhala wina atayang'ana mtsinje. Akanakhala masiku ano, amayi anga akanagona ndi njala.