Masilipasi pa makwerero

Mwaswera bwanji nonse.

Lero tinapita ndi agogo amene timawasamalira kuntchito kukapitidwa mphepo kunyanja m'tauni ya Largs, kuno kwa azungu. Paja achimwene anga a Yohane amati wikendi iliyonse amagona kumeneko, ati kampani yawo ikuika magetsi a Khirisimasi m'nyumba za anthu.

Ndinawapezadi ali pa makwerero, akukoloweka timagetsi kudenga la nyumba ina. Koma galimoto ya kampani panalibe, anzawo a ntchito panalibenso.

Ndiye kuphaziko abale! Masilipasi aubweya, ovala m'nyumba aja. Kenaka mayi wina anatuluka ndi tiyi n'kuwakonza kolala. Achimwene atandiona anangoti, "Iwe ukutani kuno?" Moni osapereka.

Amalume, kampani yake iti yogawa masilipasi? Alamu ali ku Zomba, akudikira viza yobwerera kuno. Muwafunsa ndinu achimwenewa, kapena ndiwaimbire alamuwo?